Kusasamala kwa apolisi a pamadzi poyendetsa boti

Kusasamala kwa apolisi a pamadzi poyendetsa boti ndi pamene wapolisi kapena msilikali wolondera nyanja ayendetsa boti la boma m'njira yoika moyo wa anthu ena pachiswe. Zitsanzo zake ndi kuthamanga kwambiri pafupi ndi mabwato, kugunda boti lomwe akulithamangitsa, kapena kukoka boti lodzaza anthu mosatsata njira yake. Mlandu wotere umavuta kuposa wa ngozi ya pamsewu. Pamadzi sipatsala zizindikiro za matayala, mboni zambiri zimamira, ndipo kawirikawiri amene wachititsa ngoziyo ndi yemwenso amavuula otsala n'kulemba lipoti loyamba.

Ntchito yawo ku Malawi

Polisi ya Malawi ili ndi nthambi ya pamadzi yomwe imadziwika kwambiri ku Monkey Bay m'boma la Mangochi. Apolisiwa amafunafuna anthu omira, amathandiza pakasefukira madzi, amagwira ozembetsa katundu ndi anthu, komanso amaletsa maboti kunyamula mopyola muyeso. Ntchitoyi ndi yofunika ndithu. Mu June 2012 mitembo 47 ya nzika za ku Ethiopia inavuulidwa m'nyanja ya Malawi ku Karonga boti lawo litagubuduzika, ndipo pa Pasaka wa 2017 boti lodzaza anthu ochokera ku mapemphero linamira ku Mlowe m'boma la Rumphi. Ambiri mwa olowa m'dziko mozemba kumpoto amakhala akulowera ku South Africa, ndipo ena amatulukira pa chipata cha Mwanza kupita ku Zobue ndi Tete. Maboti onyamula anthu otere amayenda usiku opanda nyali, ndipo ndi omwe sachedwa kugubuduzika akathamangitsidwa.

Mmene ngozi imachitikira

Boti la injini yamphamvu likamathamanga limasiya funde m'mbuyo mwake. Kwa sitima fundelo si kanthu, koma bwato losema lomwe ladzaza usipa limakhala kuti latsala pang'ono kulowa madzi, choncho funde limodzi limakwana kulimiza. Usiku asodzi amakhala atayala maukonde patali ndi nyali zawo, ndipo woyendetsa wosasamala amadutsa pamwamba pake.

Choopsa kwambiri ndi kuyandikira boti lodzaza. Anthu amantha akaona boti la boma amathamangira mbali imodzi, ena pofuna kuthawa, ena pofuna kukwera, ndipo kulemera kukapendekera mbali imodzi botilo limatembenuka. Kukoka nakonso kuli ndi njira yake: chingwe chimamangidwa kutsogolo pamalo olimba, chimakhala chachitali, ndipo wokoka amayenda pang'onopang'ono. Chingwe chachifupi ndi liwiro lalikulu zimazula thabwa lomwe chamangidwapo kapena kulowetsa mphuno ya boti m'madzi. N'chifukwa chake oyendetsa odziwa ntchito amayamba agawa majekete oyandamitsa, kapena kusamutsa ana ndi amayi, asanayambe kukoka.

Milandu yodziwika ku Ulaya

Milandu yomwe inafufuzidwa mpaka kumapeto ndi yochepa, ndipo iwiri yodziwika inachitika pa nyanja za kumwera kwa Ulaya. Pa 28 March 1997 sitima ya asilikali a ku Italy yotchedwa Sibilla inagunda boti la Katër i Radës lomwe linanyamula anthu othawa chipwirikiti ku Albania. Anthu oposa 80 anafa. Botilo linavuulidwa pansi pa nyanja chaka chomwecho, ndipo khoti la ku Brindisi mu 2005 linapeza olakwa oyendetsa onse awiri, wa Sibilla ndi wa botilo. Apilo inatha mu 2014, patapita zaka 17, ndipo chilango cha msilikaliyo chinatsala zaka 2. Akuluakulu omwe ankalamula sitimayo ali kumtunda sanaweruzidwe.

Mlandu wa ku Farmakonisi, chilumba chaching'ono cha dziko la Greece, ukuonetsa bwino mmene nkhani imakwiriridwira. Pa 20 January 2014 boti la asodzi lomwe munali anthu 27 othawa kwawo linamira pamene alonda a nyanja a dzikolo ankalikoka. Anthu 11 anafa, onse amayi ndi ana. Opulumuka ananena kuti alondawo ankawakoka mothamanga kuwabweza ku Turkey. Alondawo anati ankawakokera ku chilumbacho ndipo botilo linagubuduzika chifukwa anthu anachita mantha. Woimira boma pa milandu anatseka nkhaniyo chaka chomwecho, ndipo amene anamangidwa anali mnyamata wa ku Syria yemwe anapulumuka nawo; anamugamula zaka 145 pomuganizira kuti ndiye ankayendetsa, mpaka khoti la apilo linamuchotsera mlandu wa imfazo mu 2017. Pa 7 July 2022 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Greece inalakwa posateteza moyo wa anthuwo komanso posafufuza mokwanira, ndipo linalamula chipepeso cha mayuro 330,000 kwa odandaula 16. Chimodzi mwa zomwe khotilo linadzudzula chinali chakuti mawu a opulumuka analembedwa kudzera mwa womasulira wosadziwa chilankhulo chawo. Funso loti alondawo ankawabwezadi ku Turkey kapena ayi, khoti silinathe kuliyankha, poti boma la Greece silinafufuze nkhaniyo mokwanira.

Malamulo a Malawi

Yunifolomu siteteza munthu ku mlandu. Wapolisi amene wapha munthu chifukwa chosasamala kwambiri angathe kuimbidwa mlandu wopha munthu mosakonzekera, womwe uli m'gawo 208 la malamulo a milandu ndi zilango. Lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995 ndi lomwe limayendetsa za kulembetsa maboti, kuwayeza ndi ziphaso za oyendetsa, kudzera ku nthambi ya za pamadzi mu unduna wa zamtengatenga. Abale a womwalira angathenso kusumira boma kuti lipereke chipukuta misozi. Koma ndalamazo zimachokera ku misonkho, ndiye wolakwayo sizimukhudza m'thumba pokhapokha atapatsidwanso chilango cha kuntchito kapena cha kukhoti.

Vuto lalikulu ndi lakuti ndani afufuze. Boma la Mwanza lilibe nyanja, koma dzina lake limatchulidwa nthawi zonse Amalawi akamakamba za lipoti la polisi lonena kuti imfa inali ngozi. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani, ndipo boma linalengeza kuti anachita ngozi ya galimoto. Panatenga zaka 11 kuti komiti ya Justice Mtegha, yomwe inakhazikitsidwa mu 1994, imve mboni ndi kupeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Pa nthawiyo ena mwa omwe akanafotokoza gwero la lamulo lowapha anali atamwalira, ndipo mu December 1995 khoti linamasula Dr Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena omwe ankazengedwa nawo. Apo panali galimoto ndi mitembo pamtunda. Panyanja nthawi zina sipapezeka ngakhale mtembo.

Lamulo la polisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Linakhala papepala zaka 10, mpaka Christopher Tukula atasankhidwa kukhala mkulu wake woyamba mu 2020. Bungweli lili ndi mphamvu zofufuza imfa kapena kuvulala kulikonse kochitika chifukwa cha zochita za apolisi, ndipo lamulo silisiyanitsa za pamtunda ndi za pamadzi. Msodzi kapena wachibale angathenso kudandaula ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman. Pa mlandu wa boti, wofufuza amafunika kufika pa doko msanga, kuona buku lolembamo maulendo a boti la apolisilo ndi chiphaso cha yemwe ankayendetsa, kuyang'ana pomwe maboti awiriwo aphwanyika asanakonzedwe, ndi kumva opulumuka m'chilankhulo chawo, kaya ndi Chitonga, Chiyao kapena Chiamhariki, apolisi okhudzidwawo kulibe.