Mawu Opanda Mnzake m'Chichewa: Chitsanzo cha "Reindeer"

M'gawo lino muona momwe mungafotokozere mawu a Chingerezi otchula chinthu chimene ana anu sanachionepo.

Mukayenda mu Adderley Street, pakati pa mzinda wa Cape Town, m'mwezi wa Disembala, mupeza magetsi a Khirisimasi atapachikidwa pamwamba pa msewu. M'mashopu muli zidole za nyama ya nyanga zanthambi ikukoka ngolo ya Father Christmas pa chipale chofewa, pomwe kunja dzuwa likuswa mtengo. Mwana wa Mmalawi wokhala kumeneko, ngakhalenso wa ku Dedza woona chithunzicho pa khadi, adzakufunsani kuti: "Aphunzitsi, ndi nyama yanji imeneyi?"

Ambirife timangoti ndi gwape kapena mphalapala, basi nkhani yatha. Yankholi ndi loperewera. Nyanga za mphalapala sizichita nthambi ndipo imakhala nazo moyo wake wonse. Za reindeer zimachita nthambi, zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso zina, ndipo yaikazi nayonso imamera nyanga. Nyamayi imakhala kumadera ozizira kwambiri a kumpoto kwa dziko lapansi. Anthu a mtundu wa Sámi ku Norway, Sweden, Finland ndi Russia amaiweta pofuna ndiwo ndi zikopa. Ku North America, yam'tchire amaitcha caribou.

Tsono chenjerani ndi kalembedwe. Ana amamva rain, ndiye amalemba "raindeer" poganiza za mvula. Ena amaganiza za rein, chingwe chowongolera hatchi. Zonsezi ayi. Mawuwa adachokera ku chiyankhulo chakale cha Old Norse: hreinn linali dzina la nyamayo, pomwe dýr ankatanthauza nyama ina iliyonse. Amene muli ndi ana oyankhula Afrikaans mwachita mwayi, chifukwa iwo mpaka lero amati dier kutanthauza nyama, ndipo iyi amaitcha rendier. Kumbukiraninso kuti pochulukitsa mawuwa nthawi zambiri sasintha: one reindeer, eight reindeer, monga momwe ife timanenera mbuzi imodzi, mbuzi zisanu ndi zitatu.

Nanga Khirisimasi ikubweramo bwanji? Ndakatulo yotchedwa A Visit from St. Nicholas, yomwe idasindikizidwa ku America mu 1823, ndiyo idatchukitsa zoti reindeer zisanu ndi zitatu zimakoka ngoloyo. Rudolph wa mphuno yofiira uja adabwera mochedwa, mu 1939, m'kabuku kamene Robert L. May adalembera sitolo ya Montgomery Ward ku Chicago. Choncho kuno kummwera mawuwa amamveka kwambiri mwezi umodzi wokha, ndipo ana ena amayesa kuti ndi nyama ya m'nthano chabe. Auzeni kuti ilipodi, kungoti siuluka.

Ntchito: Jambulani pa bolodi mutu wa mphalapala ndi wa reindeer. Ana atchule kusiyana kwake m'Chichewa musanawalembere mawu a Chingereziwo. Lembani mayankho awo ndipo muwatumize pamodzi ndi ntchito ya gawo lino.