Mtengo wa Saluni Sutha Tsiku Logula

Munthu wa m'boma la Dedza, kaya ndi mphunzitsi wamkulu, kaya ndi mlangizi wa zaulimi, kaya ndi mlimi amene mbatata ya kachewere yamuyanja zaka zitatu zotsatizana, akamanga nyumba ya malata ndi kulipirira ana sukulu, mtima wake umatembenukira ku galimoto. Ndipo galimoto imene ambiri amailota si lole kapena pikapu ayi, koma saluni, ija ya zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, yosakulitsa ndiponso yosachepetsetsa, yokwana bambo, mayi ndi ana atatu. Chilakolako chotere palibe angachinyoze, pakuti amene anadikirapo matola pa Linthipe mvula ili pamsana adziwa ubwino wokhala ndi chokwera chakechake. Chovuta n'chakuti ogula ambiri amawerengera ndalama za tsiku logula zokha, pamene ndalama zambiri zimatuluka pambuyo pake, ndipo ozitulutsa ndi atatu: msewu, kwacha ndi chibale.

Kale saluni inali chinthu chosowa ku mapiri kuno. Amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera ndi mabulangete. Wobwera ndi galimoto ankatchuka dera lonse. Ulendo wa ku migodiwo nawonso unadukiza mu 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Boma linaletsa kulemba anthu ntchito imeneyo. M'zaka zimenezo, likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, magalimoto ang'onoang'ono odutsa pa Dedza anayamba kuchuluka, koma eni ake anali akuluakulu a Boma, ansembe ndi abusa a ku mishoni, ndi amalonda owerengeka. Anthu wamba ankadalira basi ya UTM.

Pa masaluni a nthawi imeneyo, imene inasiya mbiri ndi Peugeot ya ku France, poyamba 404 kenaka 504, imene inatuluka mu 1968. Mbiri yake sinali ya pakamwa chabe. Pa mpikisano wa Safari ku East Africa, kumene magalimoto ankathamanga m'matope ndi m'miyala masiku angapo, 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 inapambana mu 1975. Galimotoyi inali ndi mimba yokwera, masipuling'i ofewa omeza mabampu, ndi injini yosabisa kanthu, moti makaniko wa pansi pa mtengo ankatha kuimasula ndi zipanera zochepa n'kuibwezera dzuwa lisanalowe. N'chifukwa chake ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000, ku France kwao itaiwalika kalekale. Akuluakulu ena a ku Dedza mpaka lero amayesa galimoto iliyonse poifanizira ndi 504, ndipo nthawi zambiri mlandu umagwera galimoto yatsopanoyo.

Zaka za m'ma 1980 zinali zowawa kwa mwini galimoto. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu n'kumazungulira njira zazitali, ndipo mtengo wa mafuta ndi wa zitsulo unakwera. Dedza anaiona nkhondoyo ndi maso, chifukwa msewu waukulu wopita ku Ntcheu umayenda m'malire enieni, ndipo anthu othawa nkhondo ochokera ku Angonia anadzaza m'midzi. Ndi nthawi yomweyi, mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza mafuta kuchokera ku zotsalira za nzimbe, amene amasakanizidwa ndi petulo kufikira lero. Wogula saluni masiku amenewo ankaigula kwa mzungu amene akubwerera kwao, kapena pa ngongole ya kuntchito yodulidwa ku malipiro mwezi ndi mwezi.

Zinthu zinatembenuka nkhondo itatha mu 1992 ndiponso kwacha italoledwa kudzipezera yokha mtengo mu 1994. Malonda atamasuka, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anayamba kusefukira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto ipimidwe ikakwana zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, kotero ambiri amaona chanzeru kugulitsa galimoto ikadali yolimba. Popeza kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu monga kuno, chiwongolero chili mbali yoyenera. Motero kunabwera Toyota Corolla, Carina, Corona ndi Mark II, Nissan Sunny ndi Bluebird, ndipo pambuyo pake Premio, Allion ndi Camry. Intaneti itafala, mphunzitsi wa ku Mayani anatha kusankha galimoto pa foni ya m'manja, ili pa bwalo la ku Yokohama, iye ali pakhonde pake.

Apa ndi pamene chikomekome cha mkuyu chimayambira. Mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi ndi wa galimoto ili ku Japan, kapena ikangofika pa doko. Kuchokera ku Dar es Salaam iyenera kuyendetsedwa mpaka pa Songwe ku Karonga. Yotsikira ku Durban kapena ku Beira imadzera ku Tete n'kulowa pa Mwanza kapena pa chipata cha Dedza chomwechi, moyang'anana ndi Calomue. Pa chipatapo pali a Malawi Revenue Authority, amene anayamba ntchito mu 2000, ndipo msonkho wao umakwera molingana ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto. Apa saluni yapakati imapweteka mwini wake koposa yaing'ono, chifukwa injini yake ndi yokulirapo. Ndipo amene anathamangira galimoto yakale poti njotsika mtengo amapeza kuti zimene anapulumutsa ku Japan wazisiya pa kasitomu. Pakhalanso wothandiza kuombola katundu woti alipidwe, kulembetsa nambala ku ofesi ya za pamsewu, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, ndi inshuwalansi. Alipo amene anafika pa chipata ndalama zitaperewera, galimoto n'kugona pomwepo miyezi, lendi ya malo ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku.

Galimoto ikafika pakhomo, nambala ya DZ itamatidwa, mayeso oyamba amachokera ku phiri. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, ndipo injini wamba imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 alionse. Ndiye kuti galimoto imene inkathamanga m'mbali mwa nyanja ku Japan, ikafika ku Bembeke yasiya m'njira gawo limodzi mwa magawo 6 kapena 7 a mphamvu zake, isananyamule n'komwe thumba la mbatata. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta mapiri, batire lofooka limaulula ukalamba wake m'mamawa, ndipo si zachilendo kuona ana a sukulu akukankha galimoto ya aphunzitsi ao.

Wotsikira ku nyanja, kaya ku chipatala cha Mua, kaya ku Mtakataka kukagula nsomba, amadzera pa Khwekhwelere, msewu wokhotakhota wochoka pa Masasa kutsetserekera ku Golomoti. Msewu umenewu uli ndi phunziro lake. Masaluni ambiri a ku Japan ndi osintha okha magiya, ndipo woyendetsa wosazolowera amatsika phiri lonse phazi lili pa buleki. Mabuleki akatentha amaleka kugwira, ndipo amaleka pa nthawi imene akufunika koposa. Madalaivala akale a malole ankadziwa kuti phiri amatsika ndi giya imene anakwera nayo. Pa galimoto yosintha yokha, ndodo ya giya ili ndi malo otsika amene anaikidwira ntchito yomweyo, koma ambiri amaigulitsa galimoto asanawakhudzepo.

Koma mdani weniweni wa saluni si phula ayi. Makilomita 85 a pakati pa Dedza ndi Lilongwe imawadya mosavuta, ngakhale kuti kuyambira 2022 pali polipira pa Kalinyeke. Vuto lili pa makilomita otsiriza, ochoka pa msewu waukulu kukafika kumudzi kwa agogo. Mimba ya saluni ya ku Japan imatalikira pansi masentimita 15 kapena 16 okha, ndipo anthu asanu akakwera imatsikanso. Msewu wafumbi umene ngolo ndi malole a mbatata akumba mbali zonse ziwiri umasiya msana pakati, ndipo msana umenewo ndi umene umang'amba ekizozi, kuboola sampu ndi kuthyola bampala. Dothi lofiira la ku mapiri likanyowa limaterera ngati sopo. Amakaniko a pa Dedza anapeza njira yao, yoika zokwezera pamwamba pa mashoko kuti galimoto italike pang'ono. Zimathandiza ndithu, ngakhale kuti galimoto yokwezedwa siikhazikika pokhota monga anaipangira. Mwini galimoto wanzeru amaisiya pa sitolo ya m'mbali mwa msewu m'nyengo ya dzinja, n'kumaliza ulendo pa kabaza, manyazi atawaika m'thumba.

Za kwacha n'zosafuna mawu ambiri. Tayala, batire, mashoko ndi mafuta, zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamene malipiro a mwini galimoto ndi a makwacha. Mu Meyi 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nthawi iliyonse mtengo wa zitsulo unkakwera usiku umodzi, malipiro n'kutsala pomwe anali. Mafuta atasowa mu 2011, ndiponso kangapo kuyambira 2022, anthu a m'malire ankathamangira a m'zigubu, ena mwa iwo osakanizidwa ndi palafini, amene injini za makono sizimawakhululukira monga inkachitira Peugeot. Apa ndi pamene pamachokera magalimoto aja okhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ambiri mwa iwo sanachite ngozi. Anangosowa chitsulo chimodzi mwezi umene fizi inafunika.

Msika nawo wasuntha. Ogula ambiri anatembenukira ku Sienta ndi zinzake zonyamula anthu 7, zimene zikhoza kubweza ndalama ya mafuta potola anthu m'njira. Kampani ya Toyota inaleka kupanga Premio ndi Allion mu 2021, ndiye kuti masaluni otere ku Japan adzanka nachepa, ndipo otsalawo adzafika kuno ali okalamba.

Tsono pali msonkho wina umene sulembedwa pa pepala lililonse. Wopanga saluni ankaganiza za banja la anthu anayi kapena asanu, koma banja la ku Dedza silitha pamenepo. Galimoto ikalowa m'mudzi imakhala ya mbumba yonse. Mayi wapakati akayamba kudwala pakati pa usiku, anthu sagogoda kwa amfumu, amagogoda kwa mwini galimoto: "Odi alamu, pepani takudzutsani, kunyumbaku zinthu sizili bwino." Palibe munthu woleredwa bwino amene angayankhe kuti mafuta ndi ochepa. Amadzuka, napita naye ku chipatala cha boma pa Dedza, ndipo akauzidwa kuti matendawo ndi a ku Kamuzu Central, mwina amapitirira mpaka ku Lilongwe. Pa maliro galimoto yomweyo imakatenga atsibweni, pa ukwati imavekedwa maluwa, pa kukolola buti imadzazidwa matumba mpaka mashoko kulira. Wopempha amathokoza ndi nkhuku kapena dengu la mbatata, zimene pa malo omwetsera mafuta sazilandira.

Kunena zoona, mbali imeneyi ndi imene imapatsa galimotoyo ulemu wake. Alipo ana amene akuyenda lero chifukwa saluni ina inafika pa chipatala nthawi isanathe, ndipo eni magalimoto otere sadandaula poyera. Walira mvula walira matope. Cholakwa chimangokhala pa kuwerengera: amene anaika pambali mafuta a ulendo wa kuntchito ndi wa kutchalitchi okha amadabwa mwezi usanafike pakati.

Chibale chomwechi chimaonekanso tsiku limene mwini galimoto watsikira kuli chete. Ku madera a chikamwini, kumene mwamuna amamanga nyumba kwao kwa mkazi, abale a mwamuna amadziwa kuti nyumba ndi munda sangazinyamule. Galimoto yokha ndi imene ili ndi matayala. Kambirimbiri makiyi akhala akusowa maliro asanaikidwe, ndipo mkazi wamasiye, amene mwina anagulitsa mbatata ndi nyemba zake kuti msonkho wa pa chipata ukwane, amatsala akuyang'ana mafuta odontha pamene galimoto inkagona. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo linati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Komabe mlandu umayenda bwino pamene pali mapepala. Buku la umwini, lija anthu alitcha bulubuku, kawirikawiri limakhala m'dzina la bambo yekha. Nthawi zina limakhala likadali m'dzina la munthu wa ku Lilongwe amene anawagulitsa galimotoyo zaka zisanu zapitazo, chifukwa ndalama yosinthira dzina inagula matayala.