Pepala Lotsogola Sitima: Mbiri ya Kampani ya DHL

M'nkhani zathu za mtengatenga ndi mtokoma, lero tafika pa kampani ya DHL, imene magalimoto ake achikasu a zilembo zofiira ambiri mwa ife tidawaonapo m'misewu ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kampaniyi siidayambe ndi ndege zake kapena chuma chochuluka ayi. Idayamba ndi anthu atatu amene adazindikira kuti pepala likachedwa, malonda onse amaima.

Vuto lake lidali lotere. Sitima ya pamadzi ikafika padoko, katundu satuluka kufikira akuluakulu oona za msonkho ataunika zikalata zonena mwini katunduyo, mtundu wake ndi mtengo wake. Kale zikalatazi zinkachedwa m'njira, kotero kuti ntchito yoziunika inkayamba sitima itakocheza kale. Masiku ankapita katundu ali phee padoko, eni ake nkumataya ndalama.

M'chaka cha 1969, mumzinda wa San Francisco ku America, Adrian Dalsey, Larry Hillblom ndi Robert Lynn adagwirizana zothetsa vutoli. Dzina loti DHL lidachokera ku zilembo zoyamba za maina Dalsey, Hillblom ndi Lynn. Hillblom, amene adaphunzira za malamulo ku Berkeley, ankaidziwa kale ntchitoyi popeza ali pasukulu ankagwira ganyu yonyamula makalata pandege. Nzeru yawo idali yoti zikalata zizikwera ndege kuchokera ku San Francisco kunka ku Honolulu, ku zilumba za Hawaii, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900. Ndege imauyenda mtundawu maola owerengeka chabe pamene sitima imatha masiku angapo. Motero pofika sitimayo, a msonkho ankakhala atayamba kale ntchito yawo. Chimene amalonda ankalipira kwenikweni ndi masiku opulumutsidwawo.

Popeza madoko ali ponseponse, ntchitoyi idafalikira msanga. Idafika ku Hong Kong mu 1972, kenaka ku Ulaya, ndipo mu 1978 idalowa mu Africa. Kampani ya positi ya ku Germany, Deutsche Post, idayamba kugula magawo a DHL mu 1998, ndipo pofika 2002 idaitenga yonse. Nchifukwa chake likulu lake lili ku Bonn. Komatu si zonse zidayenda bwino. Itagula kampani ya Airborne Express mu 2003 kuti ipikisane ndi UPS ndi FedEx, idataya ndalama zambiri, mwakuti mu 2009 idaleka kunyamula mitokoma ya m'kati mwa America, dziko limene idabadwira. Lero imafika m'maiko ndi madera oposa 220.

Nanga imagwira bwanji ntchito? Phukusi limatengedwa pakhomo kapena kuofesi, naliyeza, nalipatsa nambala yakeyake. Nambalayo ndiyo imathandiza wotumiza kutsata pa intaneti pamene phukusi lake lafika. Mitokoma yambiri imayamba yasonkhana pa mabwalo akuluakulu a ndege, monga la ku Leipzig ku Germany limene lidatsegulidwa mu 2008, kumene amaisankhula usiku naikweza m'ndege zina. Mtengo umatengera mtunda, kulemera ndiponso kukula kwa phukusi, pakuti chinthu chopepuka koma chachikulu chimadya malo m'ndege. Msonkho wa boma, ngati ulipo, ndi wapadera.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno ku Malawi, dziko lopanda doko la panyanja yamchere. Katundu wathu amadzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, ndipo konseko lamulo ndi lomwe lija: popanda zikalata zokwanira, katundu sasuntha. Nawonso achinyamata amene atsiriza sukulu, akamafunsira malo m'makoleji akunja, nthawi zina amauzidwa kutumiza zikalata zenizeni zisanafike tsiku lotsekera, ngakhale kuti zambiri masiku ano zimayenda pa intaneti.

Inu aphunzitsi, alangizeni anawa motere: alembe keyala yonse pamodzi ndi nambala ya foni ya wolandira, asunge lisiti, asunge makope a zikalata zonse, ndipo asaike ndalama m'phukusi. Afunsenso mtengo wa ku positi ofesi, chifukwa amene wayamba msanga safunika kulipira liwiro lodula. Paja akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.