MAFUTA A GIYABOKOSI M'GALIMOTO YAKALE

 Usiku uno ndifuna kukamba ndi inu amene muli ndi galimoto yosintha yokha magiya, imene timaicha otomatiki, makamaka inu a kum'mawa amene mulikukonzekera kumka kwanu ku Nyimba ndi ku Petauke.

Caka cina, m'mwezi wa October, mlamu wanga wogwira nchito pa mgodi anauyamba ulendo wa ku Petauke kukaona mwambo wa Tuwimba kwa Mfumu Kalindawalo. Galimoto yace inali Toyota Corolla yakale, imodzi mwa zija zimabwera kuno zitayenda kale ku Japan. Anathira mafuta atsopano m'injini, nagula matayala awiri, nakweza anthu anai ndi matumba awiri a simenti. Ataoloka mlatho wa Luangwa, dzuwa liri pamutu, anayamba kukwera mapiri a ku Kacholola, ndipo anamva injini irikulira kwambiri koma galimoto yosathamanga. Posacedwa munamveka pfungo la cinthu copserera. Anagona masiku awiri m'mbali mwa mseu, ndipo ndalama zimene anasungira malata a nyumba yace ya kumudzi zinathera pa giyabokosi ina. Pamene ndinamfunsa kuti, "Alamu, mafuta a giya munasintha liti?" anandiyang'ana modabwa nati, "Kodi nawonso amasintha?"

Tiyeni tiyambe taona nchito ya mafuta amenewa. M'galimoto ya magiya a dzanja, citsulo cimagwira citsulo cinzace, ndipo mafuta angotereretsa mano a magiya. M'otomatiki siziri tero. Mphamvu ya injini imapita ku mawilo kupyolera m'mafuta enieniwo. Ganizani za mafani awiri oyang'anana: mukayatsa imodzi, mphepo yace imazunguza inzace imene simunaiyatse. Momwemo ndimo cimagwirira cinthu cimene amakanika amacicha torque converter, kungoti m'malo mwa mphepo muli mafuta. Mulinso pampu imene imakankha mafutawo m'tinjira tating'ono kwambiri, ndipo ndi mphamvu imeneyi imene imafinya makilachi a m'kati kuti giya ilowe. Tsono mafuta amodzi omwewo anyamula mphamvu, asintha magiya, atereretsa zitsulo, ndiponso acotsa kutentha popita kukazizira m'kapaipi ka mu radiyeta.

Cinthu cimeneci si ca dzulo ai. Kampani ya General Motors ku America inayamba kugulitsa giyabokosi yocedwa Hydra-Matic m'magalimoto a Oldsmobile a caka ca 1940, ndipo mafuta a dzina la Dexron, amene mumawaona m'masitolo, anayamba mu 1967. Mwina mudzaseka kumva kuti kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, m'mafuta amenewa ankasakanizamo mafuta a namgumi wa m'nyanja yamcere.

Mdani wamkulu wa mafuta awa ndiye kutentha. Amagwira bwino nchito pa madigiri 80 kapena 90, koma akapitirira 120 ayamba kupsa msanga, ndipo makilachi ayamba kuterereka ndi kudyeka. Tsono taganizani ulendo wathu. Kucokera ku Kitwe kufika ku Petauke ndi makilomita opitirira 750. Mukacoka ku Lusaka mupeza mapiri a Manenekera, mutsikira ku cigwa ca Luangwa kumene mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mukaoloka mlatho uja anaumanga mu 1968 mukweranso kulinga ku Kacholola ndi ku Nyimba. Galimoto imene izolowera kungocoka ku nyumba kumka ku shafuti siinaonepo nchito yotere, ndiye cifukwa cace matenda obisika amaonekera pamenepo.

Kuyesa mafuta sikufuna ndalama. Yendetsani galimoto mphindi 15 kuti itenthe, muiimike pa malo osapendekeka, mukoke handibuleki. Injini iri kulira, pondani buleki, muyendetse ndodo ya magiya pang'onopang'ono pa zilembo zonse, ndi kuibwezera pa P. Tsono solani dipisitiki ya giyabokosi, osati ya injini, muipukute ndi nsaru yoyera yosathothoka ulusi, muibwezere ndi kuisolanso. Mafuta ayenera kufika pa zizindikiro zolembedwa HOT. Eni ace a Honda adziwe kuti zao zambiri amaziyesa injini itangozimitsidwa kumene. Ziriponso galimoto zina zatsopanoko zimene ziribe dipisitiki. Zimenezo pitani nazo kwa makanika.

Mukatero dontheza dontho limodzi pa pepala loyera, ndi kulinunkhiza. Mafuta abwino a mtundu wa Dexron ali ofiira ndi oonekera. Akakhala ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, akalamba, asintheni. Akada bii, nanunkha ngati nsima yopserera mu mphika, ndiye kuti makilachi ayamba kale kupsa. Koma mukaona asanduka otuwa ngati mwathiramo mkaka, musayende ngakhale kilomita imodzi: madzi a mu radiyeta alowamo, ndipo madzi amasupula makilachi.

Tsono tifike pa nkhani imene amakanika amatsutsana kwambiri, ndiyo ya kasinthidwe kace. Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndiyo kumasula bauti la pansi, kukhetsa mafuta, ndi kuthira ena. Koma dziwani kuti satuluka onse. M'Corolla yonga ya mlamu wanga mumalowa malita pafupifupi 7, koma pa bauti pamatuluka ngati 3 cabe, cifukwa otsalawo atsekeredwa m'torque converter ndi m'mapaipi. Njira yaciwiri ndiyo imene amaicha kufulasha, pamene makina amalumikizidwa ku mapaipi a ku radiyeta, nakankha mafuta atsopano uku akale alikutuluka, kufikira pafupifupi onse atasinthika.

Munthu angaganize kuti njira yaciwiri ndiyo yabwino nthawi zonse. Kwa galimoto imene mwini wace wakhala akuisamala, inde iri bwino. Koma kwa galimoto yakale imene simudziwa mbiri yace, ine ndikuti cenjerani. M'kati mwace mwaunjikana litsiro la zaka zambiri limene langokhala phee m'makona. Mukalibvundula lonse tsiku limodzi, likhoza kukatseka tinjira tating'ono tija, ndipo galimoto imene inalowa m'garaji ndi mawilo ace iturukamo cokokedwa. Ndipo musakhulupirire kwambiri manambala a makilomita amene muwaona pa dashibodi, pakuti si ogulitsa onse amene ali ndi manja oyera.

Cimene ndikulangizani ndi ici. Khetsani pa bauti, muthire atsopano, muyende sabata imodzi kapena ziwiri. Mukhetsenso, ndipo mutero katatu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mukacotsa malita 3 mwa 7, akale otsala aposa theka pang'ono. Kaciwiri atsala gawo limodzi mwa magawo atatu. Kacitatu atsala gawo limodzi mwa asanu. Mwagula malita 9, ndipo giyabokosi yatsukika pang'onopang'ono popanda kuidzidzimutsa. Pa ulendo woyamba uzani makanika amasule ciwaya ca pansi, apukute maginito amene ali m'menemo, atsuke kapena asinthe sefa, ndi kuika gasiketi yatsopano. Utuci wosalala wakuda pa maginito ndi wa masiku onse. Koma tizidutswa ta citsulo timene mungatimve ndi zala ndi uthenga woipa. Parafini kapena dizilo musalole kuti zilowemo, ngakhale wina alumbire kuti zimatsuka bwino.

Ndinene zoona pa cinthu cimodzi, kuti mungadzaimbe mlandu makanika wosalakwa. Ngati giya irikuterereka kale ndipo mafuta ali akuda, mafuta atsopano sangabwezere makilachi amene anatha. Nthawi zina bvuto limakula atasintha, ndipo amakanika ambiri amati utuci wa m'mafuta akale ndiwo unali kuthandiza makilachi otha kugwirako pang'ono. Pamenepo mafuta sanaphe giyabokosi; inali itafa kale.

Pothira, yesani amene atuluka m'cigubu codziwika muyeso wace, ndi kubwezera ocuruka comweco, kenaka muyese ndi dipisitiki. Ocepa amapsetsa makilachi. Opitirira muyeso amacita thobvu, ndipo thobvu liribe mphamvu yofinyira kanthu. Nchito imeneyi musaicitire pa bwalo pamene mphepo irikuulutsa pfumbi.

Nanga mugule mafuta otani? Pano ndi pamene anthu ambiri amagwa. Kufiira kwace sikutanthauza kuti onse ndi amodzi. Toyota zakale kwambiri zimamwa Dexron, zotsatira zace zimamwa T-IV, ndipo zina za pambuyo pace zimamwa WS. Honda iri ndi ace. Ndipo galimoto zambiri zazing'ono zocokera ku Japan, monga Vitz ndi Allion zina, ziri ndi giyabokosi ya mtundu wina, yocedwa CVT, imene imayenda ndi lamba wa citsulo. Mukathiramo Dexron lamba ameneyo aterereka ndi kuononga zonse. Kawirikawiri dzina la mafuta oyenera lalembedwa pa dipisitiki penipeni, kapena m'buku la galimoto. Gulani m'cigubu cotseka bwino ca ku fakitale. Aja othiridwa m'mabotolo a madzi akumwa, ogulitsidwa pa mseu, palibe adziwa cimene ciri m'katimo. Ine ndimasintha anga pa makilomita 40,000, ndipo sindingalangize munthu woyenda mseu wa kum'mawa ndi katundu kuti apitirire 60,000.

Mau owerengeka a pa ulendo. Pokwera phiri, mukamva galimoto irikusinthasintha magiya yosakhazikika, zimitsani O/D kapena ikani pa 2, cifukwa kusinthasinthako ndiko kumatenthetsa mafuta. Potsika Manenekera musaike pa N poganiza kuti mulikusunga petulo. Ikani pa giya yotsika kuti injini ithandize mabuleki. Mukatitimira m'matope kapena mumcenga pa njira za kumidzi, musalimbane ndi kusintha D ndi R kosalekeza. Itanani anthu akankhe. Ndipo mukafika pa Nyimba, pamene amai alikugula nthoci, inu suzumirani pansi pa galimoto kuona ngati pali madontho ofiira.

Ikakufelani pa njira, kumbukirani kuti pampu ija imazungulira pokhapo injini irikulira. Cifukwa cace otomatiki siiliza mwa kukankha, ndipo mukaikoka ndi cingwe mtunda wautali, monga kucokera ku Kacholola kufika ku Petauke, mawilo adzazunguza magiya ouma opanda mafuta. Ikwezeni pa lole, kapena mawilo amene amakoka galimotoyo anyamulidwe pamwamba. Mafuta akale amene mwakhetsa muwasunge m'cigubu cotseka, kutali ndi citsime ndi ana.

Sabata ya mawa, pa nthawi yonga yomweino, tidzakamba za mabuleki ndi matayala. Tsalani bwino.