Sisitimu ikakana kulipira, fufuzani sitepe yomwe yadumphidwa

Kumapeto kwa mwezi, m'maofesi ambiri a zachuma mumamveka dandaulo lofanana. Katundu adafika, invoisi ili patebulo, wogulitsa akuimba foni kufuna ndalama zake, koma sisitimu yakana kulipira. Anthu amathamangira kunena kuti kompyuta yafa. Nthawi zambiri kompyutayo imakhala ili bwinobwino. Imangokana kugwira ntchito yachinayi pomwe yachitatu isanachitike.

Mapulogalamu akuluakulu oyendetsera makampani, monga SAP ya ku Germany yomwe idayamba mu 1972, amatsata ndondomeko yokhazikika pogula katundu. Wofuna katundu amalemba pempho. A ofesi yogula zinthu amasandutsa pempholo kukhala oda, ndipo bwana woyenera amaivomereza. Katundu akafika, wosunga katundu amalowetsa mu sisitimu kuti walandira. Kenako invoisi imalowetsedwa, sisitimu n'kuyerekeza zinthu zitatu: oda, katundu wolandiridwa ndi invoisi. Zikagwirizana pa chiwerengero ndi mtengo, malipiro amatuluka.

Zikakanika, katswiri wodziwa ntchito amayambira pa oda. Mu SAP amatsegula tsamba la ME23N, pomwe pamaoneka mbiri yonse ya odayo, n'kuyang'ana pamene ulendo udaimira. Ngati palibe chosonyeza kuti katundu adalandiridwa kudzera pa tsamba la MIGO, ndipo odayo idakonzedwa kuti invoisi iziyendera katundu wolandiridwa, tsamba la MIRO, lolowetsera ma invoisi, silingalole kuti invoisiyo ilowe. Apa vuto lili kwa wosunga katundu, yemwe mwina adasayina pepala la dalaivala koma sadalowetse kanthu mu kompyuta.

Nthawi zina gwero limakhala kumbuyo kwambiri. Munthu akakweza mtengo kapena chiwerengero pa oda yomwe idavomerezedwa kale, sisitimu imatha kuibweza kuti ivomerezedwenso, ndipo kufikira bwana ataidinda, katundu sangalandiridwe. Penanso oda imakhala ikudikira munthu yemwe adasiya ntchito kapena adasamutsidwa, chifukwa dzina lake silidachotsedwe pa mndandanda wa ovomereza. Mbiri ya zosintha imaulula yemwe adasintha chinthu ndi tsiku lake.

Ziliponso nthawi zomwe okonza pulogalamu ndiwo adasokoneza masitepe poyikhazikitsa. Chizindikiro chake n'chakuti maoda onse amtundu umodzi amakanika pamalo amodzimodzi. Vuto lotere limakonzedwera mu sisitimu ya akatswiri, zokonzedwazo n'kuyesedwa mu ina yoyeserera, kenako n'kusamutsidwira mu yomwe anthu akugwiritsa ntchito. Kukonzera pomwepo ndalama zikuyenda kumabala mavuto ena.

Chiyeso chachikulu chimabwera bwana akapsa mtima. Amauza wa IT kuti angotsegula njira, kapena amabwereketsa pasiwedi yake kwa kalaliki kuti adzivomerezere yekha. Amalawi amadziwa komwe njira yachidule yotere imathera. Mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, mabiliyoni a kwacha adatuluka m'boma kudzera mu IFMIS, sisitimu ya boma yoyendetsera ndalama, yomwe nthawi imeneyo inkayendera pulogalamu ya Epicor. Ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti makampani ena adalipidwa popanda katundu kapena ntchito yomwe adapereka, ndipo zolembedwa za malipirowo zinkafufutidwa mu sisitimu macheke atatuluka. Boma lidasamukira ku IFMIS yatsopano yoyendera SAP, koma pulogalamu iliyonse imateteza ndalama pokhapokha wopempha, wovomereza, wolandira ndi wolipira ali anthu osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake.

N'chifukwa chake uthenga wokana wa pa kompyuta uyenera kuwerengedwa modekha, kulembedwa monga momwe waonekera pamodzi ndi nambala yake, n'kutumizidwa kwa akatswiri limodzi ndi nambala ya oda. Wogulitsa akhoza kudikira tsiku lina pamene wosunga katundu akumaliza gawo lake. Kampani yomwe yazolowera kudumpha masitepe imadzazindikira mochedwa kuti yakhala ikulipira katundu yemwe palibe adamuona.