Mmene Amamangira Doko la Sitima za Pamadzi

Ambiri a ife sitinaionepo nyanja yamchere, koma feteleza wa m'munda ndi mafuta a galimoto zimafika kuno zitadzera pa doko. Fodya, tiyi ndi shuga wathu amatulukiranso pomwepo. Doko likakhala loipa, katundu amachedwa ndipo mitengo imakwera m'masitolo mwathu. Tsono ndi bwino kuti tidziwe zimene akatswiri amayang'ana asanamange doko. Tiyeni tione madoko awiri a ku Mozambique amene amatithandiza, Beira ndi Nacala.

Choyamba ndicho kuya kwa madzi. Sitima yaikulu ikasenza katundu, mimba yake imalowa m'madzi mamita 10 kapena kuposa. Beira ali pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja, ndipo matope ndi mchenga zimakwirira mpita wa sitima. Chifukwa chake amaukumba kawirikawiri, ndipo ntchitoyi imadya ndalama zambiri. Ku Nacala madzi ndi akuya chilengedwere.

Chachiwiri ndicho mphepo ndi mafunde. Sitima siingatsitse katundu pamene ikugwedezeka. Ku Nacala nyanja inalowa m'kati mwa mtunda, motero mtundawo umatchinga mafunde. Kumene kulibe malo otere, anthu amamanga khoma la miyala ikuluikulu m'madzi. Dziwaninso kuti madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6, choncho khoma lokochezapo sitima liyenera kukhala lalitali ndithu.

Chachitatu ndicho njira yopita kumtunda. Doko lopanda njanji ndi msewu lili ngati nkhokwe yopanda khomo. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, sitima za pamtunda zinayamba kuyenda kuchokera ku Beira kufika kuno osaoloka pa bwato. Mu 1970 njanji yodzera pa Nayuchi inatilumikiza ndi Nacala.

Chachinayi ndicho kagawidwe ka malo pa gombe. M'mphepete mwenimweni mwa madzi amaikamo makina onyamula katundu. Kumbuyo kwake kumakhala nyumba zosungiramo katundu ndi njanji. Matanki a mafuta ayenera kutalikirana ndi nyumba za anthu chifukwa cha moto. Malasha ochokera ku Moatize ali ndi doko lawolawo ku Nacala-a-Velha, patsidya pa doko la katundu wina. Asodzi nawonso afunika malo okochezapo mabwato ndi msika wa nsomba, pakuti akalandidwa gombe lonse mabanja awo adzasowa chakudya.

Ngalande za madzi zisaiwalike. Mzinda wa Beira uli pamalo otsika, ndipo namondwe wa Idai atauomba mu March 2019, nyumba zambiri zinaonongeka ndipo misewu yopita kumtunda inaduka.

Doko limamangidwa kuti litumikire ana ndi zidzukulu, ndipo malo akasankhidwa molakwa, sikotheka kuwasamutsa. N'chifukwa chake akatswiri amayamba ayesa madzi, mphepo ndi nthaka kwa nthawi yaitali asanaike mwala woyamba. Aphunzitsi, aonetseni ana madoko awiriwa pa mapu, ndipo atsate ndi chala njanji imene imabweretsa feteleza kwathu kuno.