Alonda a Nthambo, Gawo 6: Chipewa Chobiriwira

 

Sabata yatha tinasiyana pakhomo pa chipinda chija cha ku Pennsylvania, chodzaza makompyuta, momwe anthu a PJM amachezera usiku wonse, pa Khrisimasi pomwe, kuuza majenereta a eni ake mphindi zisanu zilizonse kuti iwe onjezera, iwe chepetsa. Ndinalonjeza kuti lero tisuzumira bilu yawo. Ena mwa inu mwakhala mukundikumbutsa panjira, koma amene anandiumiriza kwambiri ndi mlamu wanga uja, mwamuna wa achemwali, amene amawerenga nkhani zangazi n'cholinga chongondigwira bodza.

"Alamu," anayamba asanakhale n'komwe pansi, "anthu anuwa mwati jenereta alibe?"

"Alibe."

"Nthambo?"

"N'za eni."

"Ndiye amalipidwa chiyani? Kuloza ndi chala?"

Ndinawakumbutsa za bambo wodula matikiti pamsika. Alibe phwetekere, alibe usipa, koma aliyense woyala malonda amamupatsa kangachepe. PJM ndi anzake ali choncho: amayendetsa msika umene makampani amaodako magetsi, amaonetsetsa kuti nthambo zisalemedwe, ndipo pa yuniti iliyonse yodutsa amadulapo tikiti. Tikitiyo imayenda kuchoka ku kampani yooda mpaka kukabisala mu bilu ya mayi wophika tiyi ku Ohio, amene mwina sanamvepo dzina loti PJM.

Paja mu gawo lachiwiri ndinakuuzani kuti PJM inayamba mu 1927, makampani atatu atagwirizana zothandizana magetsi, monga mmene maiko a kuno kum'mwera amachitira pa SAPP ya ku Harare. Zinakula mu December 1999, pomwe bungwe loyang'anira za magetsi la FERC linatulutsa lamulo lake la Order 2000, kulimbikitsa zigawo zonse kuti zikhale ndi alonda otere. Lero alipo asanu ndi awiri, ndipo magetsi awiri mwa atatu alionse amene America imagwiritsa ntchito amadutsa m'manja mwawo. PJM yokha imayang'anira zigawo 13 ndi mzinda wa Washington, anthu oposa 65 miliyoni.

Mlamu anayasamula. Iwo amafuna ndalama basi.

Chabwino. Mu 2008 ofufuza za chuma cha boma a GAO anaphatikiza zimene alonda asanu ndi mmodzi anagwiritsa ntchito kuyambira 2002 mpaka 2006. Zinakwana madola 4.8 biliyoni.

Kuyasamula kunathera pomwepo.

Ndalamazo zimapita ku malipiro a mainjiniya, maloya ndi akatswiri a zachuma, komanso kwa apolisi a msika amene ntchito yawo n'kununkhiza ngati wina akukweza mitengo mwachinyengo. Koma makompyuta nawonso amameza ndalama zambiri. Chipinda chowongolera magetsi sichikhala chimodzi. Pamafunika chinzake kwina, chodikirira tsiku la moto kapena chimphepo. Ku Texas, mlonda wa kumeneko, ERCOT, itafuna kusintha msika kuti mtengo uziwerengedwa malo ndi malo, ntchitoyo inachedwa zaka, ndipo pomwe inkayamba mu December 2010 inali itadya madola oposa 500 miliyoni. Walira mvula walira matope. Ena matopewo anawakana: mu 2006 makampani awiri a ku Kentucky, LG&E ndi Kentucky Utilities, anatuluka mu MISO, mlonda wa dera lawo, ati zomwe tikulipira zikuposa zomwe tikupindula.

"Ndinanena ine!" mlamu anaomba m'manja. "Kudya kwaulere!"

Dekhani alamu, nanunso owerenga dekhani. Tengani cholembera.

Kuyambira 2016 tikiti ya ERCOT inali masenti 55.5 pa mayunitsi 1,000 alionse. Mu 2024 inakwera kufika masenti 63. Nyumba wamba ya ku Texas imatha mayunitsi 1,000 pamwezi, kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti mlonda amene amasunga magetsi a banja lonse mwezi wathunthu sapatsidwa ngakhale dola imodzi. Ine ndikaona anthu akukangana mpaka thovu kukamwa chifukwa cha masenti amenewa, ndimaona ngati munthu amene akuwerenga timitengo ta machesi nkhokwe yake ili chitsegukire.

Mlamu anayang'ana pepala, anayang'ana ine. "Basi nkhani yatha. N'zotchipa."

Ikanatha ndikanakuitaniraninji?

Mtengo weniweni wa mlonda suoneka pa malipiro ake. Umaoneka usiku umene wawodzera. Ndipo m'chaka cha 2015, pamsika wa PJM panayamba kugula mlendo wovala bwino, dzina lake GreenHat Energy. M'chilankhulo chathu tingoti Chipewa Chobiriwira. Kanali kakampani ka anthu owerengeka, kopanda jenereta, kopanda pholo, kopanda kasitomala ngakhale mmodzi woyatsa babu.

"Nanga kankafuna chiyani?"

Mapepala, alamu. Mverani bwino apa, chifukwa mukaphonya, sabata yamawa mudzandivutitsa ndi mafunso. Nthambo ikadzaza, magetsi otchipa a mbali ina amalephera kuwolokera mbali inayo, ngati mlatho wopapatiza tsiku la msika. Tsidya lino mtengo umatsika, tsidya lija umakwera. Tsono PJM imagulitsa pa okushoni mapepala otchedwa FTR. Ukagula pepala la pakati pa malo awiri, umalandira kusiyana kwa mitengo ya malo awiriwo. Anawapangira makampani ofuna kudziteteza ku kukwera kwa mitengo, koma wina aliyense wolowa umembala akhoza kugula, ngakhale amene akungoyesa mwayi. Mlatho ukapanikizana monga unaganizira, wadya. Ukapanda kupanikizana, kapena magalimoto akatembenukira kwina, ulipira ndiwe.

Tsono pokhala kuti ena mwa mapepalawa ndi a zaka zitatu zam'tsogolo, sulipira lero. Umangosiya chikole. Ndipo chikolecho PJM inkachiwerengera poyang'ana mmene nthambo zinkapanikizirana zaka zam'mbuyo.

Zam'mbuyo, ndati.

Mwaona kale pamene pali bowo, eti? Ine ndikudziwa kuti owerenga anga ndi ochenjera. Nthawi yomweyo eni nthambo anali pakalapakala kukonza ndi kumanga zatsopano. Milatho yomwe inali yopapatiza dzana inali ikukulitsidwa. Pepala limene m'mabuku akale linkaoneka ngati ng'ombe ya mkaka likanatha kukhala chikopa chabe pofika chaka chake. Koma kompyuta yowerengera chikole inkayang'anabe kumbuyo, n'kumati mlendoyu ali bwinobwino, asavutike kusiya zambiri.

Chipewa Chobiriwira chinagula. Chinagulanso. Chaka chotsatira chinabwerera, n'kugulanso. Pofika 2018 kakampani kaja kanali ndi mulu wa mapepala a FTR waukulu kuposa wa wina aliyense mu PJM, wokwana ma megawatt-hour pafupifupi 890 miliyoni.

"Chikole chake?" Mawu a mlamu anali atatsika.

Sichinkafika madola 600,000.

Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

Musaganize kuti pamsika panalibe maso. Amalonda ena anaona muluwo ukukula ndipo anakanong'oneza alonda kuti mlendo wanuyu mumuonetsetse. Alondawo anapitadi kukalankhula naye mu 2017, ndipo iye anawaonetsa pepala lina, lonena kuti pali kampani yaikulu imene idzamupatse ndalama zambiri, akuti imeneyo ikhale chikole chowonjezera. Za pepala limenelo musandifunse lero. Lili ndi gawo lakelake, ndipo mukadzalimva mudzagwira pakamwa.

Kenako June 2018 anakwana. Mapepala aja anayamba kupsa, tsiku lowerengera linafika, ndipo PJM inatumiza bilu ya sabata monga imachitira ndi membala aliyense. Anadikira. Tsiku lolipira linadutsa. Anadikiranso. Chipewa Chobiriwira chinali zii, ndipo mapepala ake anali adakali ndi zaka zitatu zoti azitaya ndalama mwezi ndi mwezi.

Apa mlamu anadzuka pampando. Paja ndinali nditawauza kale kuti PJM si kampani yopanga phindu, ilibe nkhokwe yakeyake yoti n'kutapamo pa tsiku la tsoka.

"Alamu, musandizunguze. Jenereta alibe, nthambo alibe, phindu alibe. Wangongole wasowa. Ndiye ngongoleyo inakwana zingati? Analipira ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Nthawi yomweyo achemwali anatulukira ndi beseni la madzi osamba m'manja, ati nsima ikuzizira, ndipo pakhomo pawo salola nkhani za ngongole pa chakudya.

Mlamu anadya mitanda iwiri yokha, maso ali pa ine. Ati Loweruka afika m'mamawa, tiyi asanapse.